Moto wa m'kabuleta ya a Fabiano

A Kingsford Nyamizinga anabwera ku Limbe kuchokera ku Nsanje ali mnyamata. Pomwe matipati amayamba n'kuti ali ndi kagalaja kawo pansi pa mtengo wa mango ku Chinyonga. Anali makaniko wosapupuluma, wosakondanso zolankhulalankhula.

Chaka china a Fabiano, ogulitsa makala m'dera lomwelo, anabweretsa pikiapu yawo itatheratu mphamvu. A Kingsford anaphwasula injini yonse n'kuimanganso. Kutangotsala kuika disitiribyuta, chitsulo chogawa moto ku mapulagi, uthenga unafika woti mlongo wa a Kingsford wagonekedwa m'chipatala.

"Musaikhudze mpaka ndibwere," anatero akunyamuka.

A Fabiano sanapirire. Anatenga chitsulocho n'kuchilowetsa okha mmene chinalowera. Poliza galimoto, inangoti phuu! Moto unatulukira ku kabuleta, posakanikirana petulo ndi mpweya, n'kuwawaula nsidze. M'malo mokhala chete, anayamba kuuza anthu kuti galimoto yalodzedwa, ndipo wolodzayo ndi mayi Esnat, mayi wamasiye woyandikana nawo, amene anakangana naye pa nkhani ya ngalande ya madzi.

A Kingsford pobwera anapeza mawindo a mayi Esnat ataswedwa ndi miyala, mandasi awo palibenso wogula. Mtima unawawawa koopsa. Anaitana a Fabiano pamodzi ndi anthu a pamzere wa nyumba zawo.

"Bambo Fabiano, waika chitsulochi ndani?"

"Ndine. Chovuta n'chiyani, si kungolowetsa?"

"Kungolowetsa! Mwachiika chotembenuza, moto ukufika pa nthawi yolakwika, ndiye mlandu mukupatsa mayi wosadziwa n'komwe kutsegula boneti?"

A Kingsford anazula disitiribyutayo. Anachotsa pulagi yoyamba, n'kutseka bowo lake ndi chala, kwinaku akuzungulitsa injini ndi sipanala mpaka mpweya unakankha chalacho. Atalunjikitsa chizindikiro cha pa puli, kagudumu ka kutsogolo kwa injini, anatsitsa disitiribyuta pang'onopang'ono, rota, kachala kake kozungulira, italoza waya wa pulagi yoyambayo. Anamanga bawuti, napotokola kiyi. Injini inalira bwinobwino.

"Ufiti wanu ndi umenewu," anatero. "Tsopano pitani mukapepese. Nanunso ogenda miyala, pitani."

A Fabiano anangoseka. "Mwina mankhwala ake angosukuluka lero."

Ena anaseka nawo, ena anayang'ana pansi, n'kumabalalika mmodzimmodzi. Palibe anapita kukagogoda pa khomo la mayi Esnat.

Mwezi usanathe mayiwo anasamukira ku Nancholi kwa mwana wawo. A Kingsford ndiwo anawapezera galimoto ndi kuwakwezera katundu. Ali m'njira mayi Esnat anafunsa a Kingsford kuti, "Kodi achimwene, chinthu chija amati ndalodza chimaoneka bwanji?"

Pikiapu ija itadzafanso, a Fabiano anaikankhira ku galaja akumwetulira ngati palibe chinachitika. A Kingsford anatuluka pansi pa minibasi yomwe ankakonza, napukuta manja, n'kuwauza kuti aichotse pabwalo pawo dzuwa lisanalowe.