Asamve pa Foni

Ntchito yanga pa kaofesi kathu ka ku Luwinga inali yovuta kuifotokozera achibale. Mayi anga ankangouza anthu kuti ndimakangana ndi kompyuta, ndipo sankanama kwenikweni.

Tinkakonza pulogalamu ya AI yothandiza mlembi wa bungwe lina la anthu a ku Nkhata Bay okhala mu Mzuzu, omwe amathandizana pa maukwati ndi pamaliro. Mlembi ankangoilembera zimene zachitika, iyo n'kusankha chida chogwiritsa ntchito: chokumbutsa za msonkhano, cholembera munthu mmodzi, kapena chotumiza uthenga kwa onse. AI imadziwa chida powerenga timawu tochepa tofotokoza ntchito yake, ndipo imatikhulupirira kotheratu. Ine ndinkapeka nkhani, kuipatsa, n'kuona ngati timawuto taitsogolera bwino.

Wolemba timawuto anali mnzanga wa desiki yoyandikana ndi yanga, bambo wa ku Nkhata Bay komweko, membala wa bungwelo, wanthabwala koma waphuma. Pa chida chachitatu analemba kuti chimatumiza uthenga kwa mamembala onse, ndipo ndi cha nkhani zofulumira. Basi.

Tsiku lina ndinapeka maliro. Ndinati mwana wa mayi wina wa m'bungwemo wamwalira ku Joni. AI sinachedwe. Inakonza uthenga waulemu, wachipepeso, n'kuutumiza ku manambala athu oyeserera onse, ya mayi wa malemu ili momwemo.

"Yakhoza chomene, asisi," anatero mnzangayo. "Chida ndi chomwecho, uthenga uli bwino. Chongani."

"Sindichonga."

"Yalakwa pati?"

Mtima unandiwawa ngati kuti mayiyo alipodi. Kwathu ku Dedza, ngakhale kuno, mayi samva imfa ya mwana wake ali yekha. Amapita anthu akuluakulu, kukhala naye pansi, kuyamba ndi zina, kenako n'kunena manja ali pafupi kuti amugwire. Koma AI sinalakwe. Tinaiuza kuti nkhani yofulumira ipite kwa onse, nanga pali chofulumira kuposa maliro? Chimene aliyense amachidziwa, palibe amene anaganiza zochilemba.

"Ndiye tilembe mwambo wonse m'kabokosi kolembamo timawu aka?" anafunsa.

Ndinalembadi, mwaukali, ndime yathunthu. Zotsatira zake zinandichititsa manyazi. AI inagwidwa mantha, inayamba kukayikira ngakhale uthenga wa chinkhoswe, kufunsa ngati mkwatibwi wauzidwa kale. Mnzangayo anandiseka mpaka kutuluka misozi, ndipo ndinamukwiyira chifukwa ankanena zoona. Tinakhala limodzi n'kumadula mawu, kuyesa, kudulanso, mpaka panatsala zochepa: pa nkhani ya imfa, usatumize kwa onse usanafunse mlembi ngati achibale apafupi auzidwa pamaso. Ndinayesa ndi maliro ambiri opeka, ena owatchula mozungulira monga timachitira, akuti atisiya, akuti atsogola. Inkaima n'kufunsa. Pamenepo ndinachonga.

Patapita miyezi ingapo, m'mawa wina wa kamvula kozizira ka mu Juni, foni yanga inalira. Anali mlembi wa bungwe, akuimba ali ku Ching'ambo. Anati kwagwa zovuta kumudzi, ndipo iye mwachizolowezi analembera AI kuti idziwitse anthu. Iyo inaima, n'kumufunsa za achibale. M'pamene anakumbukira kuti mwana wa malemu ali pa mndandanda wa mamembala.

"Ndi amene mumakhala naye mu ofesiyo. Amalume ake akwera kale minibasi. Chonde, amama, musamusiye yekha. Yewo."

Ndinatembenuka. Mnzanga uja anali kudya chinangwa chophika, diso pa kompyuta, foni yake ili pambali pa kapu ya tiyi. Ndinachita mantha kwambiri. Bungwe linali chete, inde, koma msuweni aliyense wa phuma akanatha kulemba nthawi ina iliyonse.

Ndinakoka mpando wanga n'kukhala pafupi naye.

"Bwanjinso, asisi? Yalakwanso?"

"Tsekani kaye kompyuta, achimwene. Kukubwera alendo."

Anasiya kutafuna. Anandiyang'ana, kenako anatenga foni yake n'kuizimitsa yekha.

"Ndi amama?" anafunsa motsitsa mawu.

Sunali udindo wanga kumuuza. Ndinamugwira dzanja mpaka amalume ake anaodira pakhomo.