Andifufutira mavidiyo a mwana wanga ku Limbe

Pa shopu ina yokonza makompyuta ku Limbe andifufutira mavidiyo khumi ndi anayi a mwana wanga. Onse. Mawa Lachinayi ndimayenera kukawaonetsa kwa dokotala.

Ine si munthu waphokoso. Sukulu ndinalekezera Sitandade 8, ndipo kwathu ku Nkolokosa amandidziwa kuti ndimatha kuima pamzere tsiku lonse osayankhula kanthu. Koma izi zokha mumve.

Mwana wanga Tadala ali ndi zaka zitatu. Amagwa. Thupi limauma, maso kutembenuka, kenako tulo tofa nato. Pamaso pa dokotala sanagwepo ngakhale kamodzi. Ndiye dokotala anati akayamba ndizimujambula pa foni, aone mkono umene ukuyamba kugwedezeka ndi mphindi zimene zikutenga, asanasinthe mankhwala. Mukudziwa kuwawa kwake kugwira foni mwana wako akuphupha pansi? Ndachita zimenezo miyezi isanu.

Foni yanga imadzadza msanga. Vidiyo iliyonse ndinkaisamutsira mu laputopu yakale imene alamu anga a Fatsani anandisiyira popita ku Joni, kenako nkuifufuta mu foni. Iwo anaikamo Linux, pulogalamu yoyendetsa makinawo. Amati ndi yaulere, ndipo makina okalamba amayenda nayo bwino. Anandiphunzitsa kulumikiza chingwe, kukoka vidiyo, kulemba tsiku lake. Zaka ziwiri sinandivutepo.

Lolemba m'mawa magetsi anathima laputopuyo ili yoyaka. Batire yake inafa kalekale. Atabwera magetsi ndinaiyatsa, koma chithunzi cha masiku onse chija sichinabwere. Panangoti bii, timalemba toyera tambirimbiri, pansi kamzere kakuphethira. Ndinajambula, nkutumizira alamu. Zii. Kuntchito kwawo saloledwa kugwira foni. Ndinabereka Tadala, nkukwera minibasi.

Ndinafika 10:20. Bambo wa pa shopupo anangoyang'ana kamodzi nkuseka. Akuti, "Mayi, iyi yalowa vayirasi yoopsa. Malembawa mukuwaona? Akuba a pa intaneti amenewa." Ndinati ayi achimwene, muli Linux. Akuti, "Eya, ndi yomwe yaonongayo. Zimenezo kuno sitigwiritsa ntchito."

Ndinawauza katatu. Muli mavidiyo a mwana wodwala, musafufute kanthu. Mpaka ndinatembenuka kuwaonetsa mwanayo kumbuyo. Akuti, "Osadanda mayi, ife ndi madolo. Mubwere 2 koloko."

Sindinapite patali. Ndinakhala pakhonde la sitolo ya nsalu tsidya la msewu, ndi pomwe ndinamwetsera mwana mankhwala a masana. 2 koloko ndinalowa. Akuti 3 koloko. Ndinadikira. 3:40 anandikodola akumwetulira. Laputopu yayaka, chithunzi chachilendo, nyimbo zikulira. Akuti, "Takuikirani pulogalamu yabwino, ya aliyense ija. Taikamonso mafilimu, basela."

Ndinafunsa, mavidiyo anga ali pati?

Anadinadina. Anaitana mnzake. Mnzakeyo ndi amene anaulula, osachita ndi manyazi omwe. Akuti anachotsa hadi diski yanga, kabokosi kosunga zonse kaja, nkuilumikiza ku kompyuta yawo. Kompyutayo inalemba kuti diskiyi iyenera kufomatidwa kaye. Ndiye anafomata, zonse nkufufutika.

Mwamva? Makina anawauza kamodzi, anamvera. Ine munthu ndinawauza katatu, mwana ali kumsana. Katswiri pamenepo ndi ndani, iwo kapena makinawo?

Alamu anaimba cha m'ma 5 koloko ndili mu minibasi, ataona chithunzi ndinawatumizira chija. Asanamve kanthu anayamba ndi kuseka, akuti alamu musaope, palibe vayirasi. Malembawo amangonena kuti magetsi atathima mwadzidzidzi diski inasokonekera pang'ono, ikupempha kuunikidwa. Mzere umodzi wolemba pa kamzere kophethira kaja, mphindi zisanu, basi. Nditawauza zimene zachitika kuseka kunatha. Kenako anandifotokozera kuti kompyuta ya mtundu winawo siitha kuwerenga diski ya Linux, imaiona ngati yopanda kanthu ngakhale ili yodzadza. Wodziwa ntchito akanayatsa laputopuyo ndi fulashi ya Linux, nkukopera mavidiyo kaye asanagwire china chilichonse. Anamaliza nkuti, "Alamu, ithimitseni, musaiyatsenso. Mwina tina tingapulumuke. Koma mafilimu awaikawo agona pamwamba pake."

Dzulo ndinabwererako 8 koloko. Akuti bwana kulibe. Anandilozera kapepala ka Chingerezi pakhoma, theka kabisika kuseri kwa kalendala, akuti kamanena kuti zotayika si mlandu wawo. Kapepalako Lolemba kanali kuti? Bwanji simunandiwerengere ndisanakupatseni makina? Ndipo ngati Linux simuidziwa, chinavuta nchiyani kungonena kuti mayi, izi sitizitha, pitani kwina? Ndikanapita. Sindikanakwiya.

Potuluka wina anandiponyera mawu kumbuyo. Akuti, "Mavidiyo okhawo mayi? Mukajambula ena."

Anzanga amene muli ndi makina a Linux, mukaona mdima ndi timalemba toyera musathamange ngati ine. Jambulani, tumizani kwa amene anakuikirani, dikirani ngakhale mpaka mawa. Mukapita kwa okonza, afunseni kaye ngati amaidziwa. Akaseka, nyamulani katundu wanu. Mukangomva mawu oti kufomata, dziwani kuti akunena kufufuta zonse, ndipo musachoke pamenepo zinthu zanu zisanakoperedwe inu mukuona ndi maso anu.

Dzina la shopuyo sindinatchule, ndikuyembekeza kuti bwana wawoyo andiimbira. Nambala ndinasiya. Sindikufuna mafilimu, sindikufuna kuti wina achotsedwe ntchito. Ndikufuna andiuze chomwe ndikanene kwa dokotala mawa akandifunsa kuti mkono uti umayamba. Ine ndimakumbukira wamanzere. Bambo ake a Tadala akuti wamanja. Mankhwala a mwana angasinthidwe ndi mkangano wa ife awiri?

Akuti ndikajambula ena. Tadala watha masabata atatu osagwa. Mayi wina aliyense akanagwada nkuthokoza Mulungu. Ine foni ndaitchaja yadzadza, ndaigwira m'manja, ndakhala pakhomo. Iye akusewera ndi zitsekerero za mabotolo pafumbi apo, ndipo ine mayi wake ndikumuyang'ana mikono.