Machubu Ouma a Bambo Mwale

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi mlamu wanga, amene ankagulitsa manyowa pa wilibala ku Area 25. Ndinali nditangolemba mayeso a Fomu 4, ndikukhala kwa achemwali anga ku Mgona. Mlamuyo anamva kuti Bambo Mwale, eni nazale ya maluwa m'mbali mwa msewu wa M1, akufuna mtsikana wothirira. Nditapita, bambowo anandiyang'ana m'manja, osati kumaso.

"Zikhadabo izo ukawenge. Ubwere mawa."

Ntchito ya m'nazale ndi ya msana. Umasefa dothi, kulisakaniza ndi mchenga ndi manyowa, kulithira m'machubu akuda apulasitiki, kuwaboola pansi, kenako kuwandandalika pansi pa shedi ya neti. Kuthirira ndi kheni kumayamba dzuwa lisanakwere. Lamulo lalikulu la nazale zonse za m'taunimu ndi limodzi: chubu chimene mbewu yake yauma chimakhuthulidwa, dothi libwerere pa mulu, chubucho chilandire mbande ina. "Chubu si manda," ankatero Bambo Mwale.

Mu Febuluwale kunabwera munthu wochokera kumapiri a ku Dedza ndi maluwa m'thumba, okumbidwa ndi dothi lake lomwe. Anali maluwa a mtundu wa okidi womera pansi. Lililonse linali ndi masamba awiri obulungira ogona pa nthaka, ndi phesi lofika m'bondo lodzaza timaluwa tofiirira, kalikonse kokhala ngati kachipewa ka timichira tiwiri kumbuyo. Ena anagulidwa sabata yomweyo ndi anthu okongoletsa makonde. Otsala anandipatsa ine kuti ndiziwasamala.

Mu Meyi mapesi anauma, masamba nkuyamba kuchita chikasu. Nthawi yomweyo kunafika Mayi Gondwe, ofufuza za zomera pa sukulu ina yaukachenjede, atamva za maluwawo kwa mnzawo amene anagula. Anafukula chubu chimodzi ndi chala nkundionetsa timbatata tiwiri, kena kofota, kena kolimba.

"Kofotaka kadyetsa duwa la chaka chino. Kolimbaka kasunga la chaka chamawa," anatero. "Sizinafe izi, zagona. Musathirenso madzi mpaka mvula itayamba, zingaole. Dothi la kuphirili musasinthe. Muli kabowa kosaoneka ndi maso, ndipo popanda iko duwali silikhala."

Bambo Mwale anafunsa chimene ankafunira maluwa ouma. Mayiwo anafotokoza kuti kumidzi ena amagwiritsa ntchito timbatatato pa vuto la m'mimba, koma sankadziwa ngati mtundu umenewu unayezedwapo. Mwina muli mankhwala, mwina mulibe. Ndipo asanayeze chilichonse, ankayenera kudziwa dzina lenileni la duwalo. Ndinawaonetsa chithunzi cha maluwawo pa foni, iwo nkupukusa mutu.

"Mitundu yake ndi yambiri yofanana. Ndiyenera kung'amba duwa lamoyo." Kenako anatembenukira kwa ine. "Achemwali, mukazisunga mpaka zidzachitenso maluwa, ndidzakutengani. Ndikufuna munthu wosamala mbewu za kafukufukuyu."

Kwa mtsikana wogona pamphasa m'nyumba ya mlamu wake, mawu amenewo anali khomo. Ndinasamutsira machubuwo pakona ya shedi, pamwamba pa njerwa kuti chiswe chisafike, nkuwafunditsa udzu wouma. Miyezi yozizira inadutsa, kutentha kunayamba. Aliyense wodutsa pakonayo ankangoona dothi louma m'machubu. Bambo Mwale ankaima pamenepo manja ali m'chiuno.

"Iwe Esinati, manda akowa adzuka liti?"

"Mvula ikagwa, bambo."

"Mvula ikagwa! Malo a munthu akungogona ngati mlendo wa maliro."

Tsiku loipa linali Loweruka lina mu Okutobala. Chitsime chathu chinali chitaphwa, madzi tinkatunga kumpopi wa pakiyosiki, ndipo Bambo Mwale anali atapeza oda ya mbande za mitengo. Machubu ankasowa. M'mawa anandituma ku Kawale kukaperekeza miphika ya maluwa ku ukwati, kuti ndikadikire mwambo uthe ndibwere nayo. Ndisanakwere galimoto ndinawakumbutsa za pakona paja.

"Ndamva, ndamva. Pita."

Ndinabwerera dzuwa litapendeka. Pakona panali njerwa zokha. Udzu uja unali utatayidwa kumpanda, ndipo machubu anga anali pamzere wina, odzaza dothi latsopano lonyowa. Dothi la kuphiri linali litasakanizidwa kale ndi manyowa a nkhuku pa mulu waukulu.

Fungo ndi limene linanditsogolera kuchipata. Kumeneko akazi awo a Bambo Mwale, amake Tadala, anali atakhala pa chitini, pamiyendo pali mbale yaikulu yovundikira ndi nsalu. Pambali panali mtondo wosatsuka. Iwo anakulira kumudzi, ndipo machubu atakhuthulidwa, timbatata tija anatizindikira pomwepo. Anatitsuka, kutisinja, kusakaniza ndi nsinjiro, soda, mchere ndi tsabola, nkuphika mpaka zitalimba ngati chiwindi. Chimenechi ndi chinaka, ndiwo imene amagulitsa m'misika yodulidwa mapisi. Miyezi yonse ija ndinkasamala ndiwo osadziwa.

Koma sankachigulitsa ngati ndiwo wamba. Ankauza aliyense wodutsa kuti: "Ichi si chinaka cha kumsika. Madokotala anabwera okha kudzachiona. Cha m'mimba, shuga, BP, zonse!" Makondakitala a minibasi anali atamaliza theka la mbale.

Atandiona anamwetulira. "Bwera mwanawe, ndakusungira pisi. Unatibisira ndiwo iwe, eti?"

Ndinapita kwa Bambo Mwale, amene ankathirira mbande zawo zatsopano. Ndinati: "Bambo, paja munati mwamva."

"Ndinamva, inde. Koma ine ndalima maluwa iwe usanabadwe. Chouma nchouma."

"Nanga zikanakhala zakufa, amayi akanaphika chiyani?"

Anatsitsa kheni pansi nkundiyang'ana. "Nazale ino ndi yako?"

Ndinatenga sefa nkupita pa mulu wa dothi. Ndinasefa mpaka manja atachita matuza, ndipo ndinapeza kambatata kamodzi, kakang'ono ngati mtedza, kotemedwa ndi khasu m'mbali. Ndinakakulunga m'nsonga ya chitenje nkupita nako ku Mgona. Ndinakakwirira m'chitini cha mchenga wouma. Mvula isanayambe kanali kataola kuchokera pabala paja.

Mayi Gondwe anabweradi mu Januwale, atanyamula kabokosi ka zida zawo. Bambo Mwale anawalandira ndi nkhope yachisoni.

"Pepani mayi. Mtsikanayu anathirira mopitirira muyezo, zonse zinaola. Ana a masiku ano samva."

"Si zoona," ndinatero. "Anazikhuthula, amayi nkuphika chinaka."

Mayiwo anayang'ana bambowo, nkuyang'ana ine. Sindikudziwa amene anamukhulupirira, ndipo mwina kwa iwo zinalibe ntchito. Anangoti, "Popanda duwa palibe chimene ndingayambe," nkukwera galimoto. Galimotoyo isanafike pa tala, Bambo Mwale anali atandilanda kale kheni. Pa nazale yawo, anatero, sasunga munthu wotsutsa abwana ake pamaso pa alendo.

Lero ndili ndi kanazale kanga ku Chinsapo. Okidi wa kuphiri sindigula kwa okumba, chifukwa ndikudziwa tsopano kuti thumba lililonse lobwera m'tauni limasiya dzenje kuphiri. Koma ndili ndi maluwa ena amene amagona m'chilimwe, ndipo machubu ake sindiwasiya m'nazale. Amakhala kuseri kwa nyumba yanga, pamene palibe dzanja lina lofika. Ndinaphunzira kuti chinthu chogona sichisungitsidwa kwa munthu amene akufuna malo ake, ngakhale atanena kuti wamva. Ndinaphunziranso kusatchula mawu oti mankhwala pafupi ndi munthu wogulitsa, chifukwa liwu loti "mwina" amalisiya m'khutu.

Makasitomala ena akamva nkhaniyi amandifunsa ngati duwa lija linalidi ndi mankhwala. Sindikudziwa. Ngakhale dzina lake sindikulidziwa. Yankho lake anadya makondakitala a pa M1, ndi tsabola.