Nyama Yopyapyala ya Alamu Anga a January

Alamu anga a January anali munthu wamfupi, wa miyendo ya matewe, ndipo ankayenda ngati akuthamangira kukaphula chinthu chisanapserere. Makolo awo anachokera kwa Apwitikizi kalekale, wapansi, n'kudzakhazikika ku Chigaru. Iwo atakwatira achemwali anga a Enifa anabwera kudzakhala chikamwini kwathu ku Lirangwe. Kunena zoona, khasu silinkawakhala. Mizere yawo inkapita uku ndi uku ngati njira ya munthu woledzera, ndipo ine ndinkawaseka mosawamvera chisoni. Koma mukawapatsa mpeni ndi chiwaya, pamenepo mumangokhala chete n'kumaonerera.

Ntchito yawo inali yaukhukhi. Chitaganya chitayamba ndege zinachuluka ku Chileka, ndipo mzungu wina wokonza ndege anawalemba ntchito panyumba pake. Loweruka ankabwera kumudzi panjinga, akununkhira anyezi ndi sopo. Kumeneko ndiko anaphunzira chakudya chimene azungu ankachitcha hambega: nyama ya ng'ombe yogaya pa kamakina kopukusa ndi dzanja, kuiumba, kuikazinga, n'kuiika pakati pa banzi. Bwana wawo ankaifuna yochindikala, m'kati mukadali magazi. "Chakudya cha afisi," alamu ankatero akamatisimbira, koma ankaphikabe. Iwo eniake nyama ankagulira pawindo la kuseri kwa butchala, mafupa ndi mitsempha yokhayokha, imene ankaitcha nyama ya maboyi.

Achemwali anga anali munthu wina. Anali ndi pakamwa, ndipo sindikunena mowanyoza. Pamsonkhano uliwonse wokana Chitaganya, woyambitsa nyimbo anali iwo. M'chaka cha 1959 zinthu zitavuta, malole odzaza asilikali ankadutsa pamsewu kuchokera ku Chileka, ndipo tsiku lina amayi a m'mudzi anaima m'mbali mwa msewu akuimba kuti Chitaganya chithe. Lole ina inaima. Anzawo anabalalika, achemwali anga anapitiriza kuimba. Mmodzi wa amuna aja anatsika n'kuwamenya ndi thako la mfuti pansagwada. Mano ena anatsala pamsewu pomwepo.

Uthenga unawapeza alamu ali m'khitchini, akukazingira nyama alendo a bwana wawo, ena mwa iwo ovala yunifolomu yomweyo. Anavula epuloni, kuisiya patebulo, chiwaya chili pamoto, n'kukwera njinga. Sanabwererekonso, ngakhale kukatenga bulangete lawo.

Kuchipatala anawamanga nsagwada achemwali, fupa linalumikizana, koma linalumikizana mokhota. Pakamwa pankangotseguka pang'ono, chala chaching'ono kulowa movutikira. Chakudya chawo chinali phala lamadzimadzi, ndipo nalonso linawakola. Mayi wa thupi uja anayamba kusungunuka tikuona. Mafupa a m'khosi anatuluka, chitenje chinkazungulira kawiri. Akaimirira ankagwira khoma. Ife tinayamba kuyankhula monong'ona, ndipo ine mtima unkandiwawa koopsa, chifukwa ndinkaona kuti akupita. Mfuti inalephera kuwapha, koma njala inali pafupi kutsiriza ntchitoyo.

Tsiku la msika wa ku Lirangwe alamu anabwera ndi nyama ya paphewa ndi kachidutswa ka linunda. Anakhala pakhonde, kuchotsa mitsempha umodziumodzi, kuiduladula timizidutswa. Kamakina kaja kanatsala kwa mzungu. Ndiye anadzuka, kupita kuseri, n'kugubuduza mtondo wa amayi athu a Malita kubwera nawo pabwalo.

Kwathu mwamuna sagwira munsi akazi alipo. Akatero ndiye kuti akulengeza kumudzi wonse kuti akazi a pakhomopo ndi manja lende, kapena kuti mkazi wake anamudyetsa mankhwala omupusitsa. Nanga mkamwini, pakhomo pa apongozi ake, masana dzuwa likuswa mtengo! Komanso mtondowo unali wa chimanga, ndipo amayi ankausamala kuposa mmene ankatisamalira ife.

Ndinathamanga. "Alamu, bweretsani ndikusinjireni, anthu akuonani."

"Andione," anatero. "Mkazi wanga ndimusinjira ndekha."

Anathira nyama mumtondo, mchere, anyezi wodula bwinobwino, n'kuyamba. Miyendo ya matewe ija itatangadza, munsi wautali kuposa iwo, thukuta kamukamu. Amuna odutsa panjira anaimika njinga. Wina anakuwa kuti, "A January, mawa tikubweretsereni chitenje?" Alamu sanacheuke n'komwe. Amayi anatuluka, kuona magazi mumtondo wawo, n'kugwira kumutu. Sakanatha kumukalipira mkamwini maso ndi maso, ndiye anakalipira nkhuku, kukalipira ine, kukalipira mtengo wa mango, mawu onse akupita kwa munthu mmodzi.

Nyama itafewa n'kugwirana, alamu anaumba timibulu ngati mazira a nkhuku. Anaika chiwaya pamafuwa mpaka chinayamba kufuka. Kenako anatenga simbi yawo yositira, yopanda makala, atapukuta bwino, n'kupsinja kambulu kamodzi pachiwayapo ndi mphamvu zawo zonse. Nyama inalira, n'kuphwatalala kukhala yopyapyala ngati tsamba la mpiru. Sinachedwe kupsa. Anaitembenuza kamodzi, kuphula, kudula m'mbali mouma muja, n'kuiika pakati pa tizigawo ta banzi topyapyalanso, atativiika m'mafuta a m'chiwaya kuti tifewe. Fungo lake linafika mpaka kwa aneba.

Analowa nayo m'nyumba. Ine ndinali pakhomo, ndinamva zonse.

"Amake Dickson, tayesani iyi. Ilowa."

Achemwali ankayankhula mano ali chilumire, mawu akutuluka ngati akudutsa pasefa. "Ndi chija munkaphikira azungu anu?"

"Chawo chinali chochindikala. Ichi n'chanu."

"Sindidya. Anandithyola nsagwada, ndiye ndizidyanso zakudya zawo? Bola ndife."

"Ng'ombeyi aipha pamsika pathu pompa. Anyezi ndi wa kudimba kwa mchemwali wanu. Mtondo ndi wa amayi. Chachizungu apa n'chiyani?"

"Dzina lake," anatero achemwali, n'kutembenukira kukhoma.

Anthu awiri ouma mitu anakumana m'nyumba imodzi. Ine ndinkafuna kuwagwedeza onse. Koma alamu sanaleke. Tsiku lililonse la msika ankabwera ndi nyama, kugubuduza mtondo, ndipo m'malo mobisala kuseri ankauika pakati penipeni pa bwalo. Ankapsinja mopyapyala kuposa ulendo wapitawo. Ankalowa nayo, ankatuluka nayo, ana n'kumadyerera. Dickson ananenepa masaya pamene mayi ake ankatha. Ufa wa amayi unayamba kumveka anyezi, ndipo kuchitsime akazi ankati akationa n'kuyamba kutsokomola.

Amayi atatopa anaitanitsa mchimwene wawo, amalume a Elias, mwini mbumba. Amalume anali mkulu wa mpingo, munthu wa jekete ngakhale kutenthe bwanji. Anafika tsiku lina la msika, nthawi yamasana, n'kukhala pampando pansi pa mango. Anapeza alamu atasinja kale, chiwaya chili pamoto.

"Bambo, tasiyani kaye zimenezo, tiyankhule."

"Yankhulani, amalume, ndikumva. Chiwaya chikazizira nyama siikhala bwino."

Amalume anapitiriza. "Mwatichititsa manyazi. Mudzi wonse ukutiseka kuti pakhomo pano akazi anatha. Ntchito munasiya, kulima simutha, ndiye mwayamba kusinja? Mwana wathu akukana zinthu zanuzo. Inu n'kumakakamira. Ngati simungathe kukhala ngati mwamuna pamudzi pa eni ake, njira ya ku Chigaru mukuidziwa. Wodwala wathu tisamala tokha."

Alamu anapsinja nyama ndi simbi, inalira, anadikira, anatembenuza. "Mukandithamangitsa ndipita," anatero. "Koma tsiku la msika ndizibwera ndi mtondo wanga pamutu, ndizisinjira pamsewu apo. Msewu si wa mbumba yanu."

Ine ndinaluma chitenje kuti ndisaseke. Amalume anaimirira. "Longedzani lero lomwe!"

Pamenepo chitseko chinalira. Achemwali anatuluka atagwira khoma. Panali patapita nthawi asanaone dzuwa, ndipo panja m'pamene tinaona bwino mmene anathera. Amalume, amene anali asanawaone chivulalire, anangoti kukamwa yasa. Ndinafuna kuwagwira mkono achemwaliwo, anandikankha. Anayenda okha, pang'onopang'ono, kudutsa mtondo, kudutsa amayi, mpaka pamafuwa. Anakhala pansi pafupi ndi mwamuna wawo n'kutambasula dzanja.

Alamu anaphula nyama ija. Anadula m'mbali mouma, kuika pakati pa banzi, n'kuwapatsa. 

Achemwali ananyema kachidutswa n'kukalowetsa pakampata kaja. Kanalowa. Anakakanikiza ndi lilime, nkhope itakwinyika ndi ululu, misozi ikutsika yokha. Bwalo lonse linkangowayang'ana, ngakhale aja oimika njinga panjira. Anameza. Ananyemanso kena. Zinatenga nthawi yaitali, ndipo palibe anasuntha mpaka anamaliza yonse, n'kunyambita chala.

Kenako anayang'ana amalume. Mawu anatuluka movutikira, koma aliyense anawamva.

"Amalume, bamboyu akachoka, muzindisinjira ndinu?"

Amalume anayang'ana mtondo, anayang'ana jekete lawo, anayang'ana mlongo wawo. Amayi anali ataphimba nkhope ndi mpango, mapewa akugwedezeka. Sindikudziwa ngati ankalira kapena ankaseka, mwina zonse.

"Ayi, mwanawe," amalume anatero motsitsa mawu.

"Ndiye khalani pansi."

Ndipo mkulu wa mpingo uja anakhala pansi.

Achemwali anatembenukira kwa alamu. "Bambo a Dickson, ina ilipo?"

"Ilipo."

"Psinjani. Koma dzina lija ndisalimvenso pakhomo pano."

Sitinalimvenso. Kuyambira tsikulo inali nyama yopyapyala basi. Thupi la achemwali linabwerera pang'onopang'ono, ndipo mvula isanagwe anali atayamba kupita okha kuchitsime. Pakamwa sipanatsegukenso bwino mpaka imvi, ndipo alamu anawasinjira zaka zonsezo, tsiku la msika lililonse, pabwalo. Chitaganya chitatha anthu anavina pamsika wa ku Lirangwe, ndipo achemwali anali pomwepo kutsogolo, amoyo, onenepa, atagwira mwamuna wawo padzanja pamaso pa anthu onse, chinthu china chimene kwathu sichinkachitika.