Suti ya Mkwati

Telala wa pakona ali ndi zaka 58, ndipo banja lawo linatha chaka chathachi. Anthu amangowatchula kuti a Singano.

Shopu yawo ndi kachipinda kamodzi: makina opalasa ndi mwendo, tebulo lodulirapo nsalu, wailesi, ndi thumba la tizidutswa kuseri kwa chitseko. Amuna awo, dalaivala wa basi, anasamuka ndi zonse kupatula suti yotuwa imene a Singano anawasokera ndi manja awo pa ukwati wa mwana wawo.

Chaka chili pafupi kutha, kunabwera mng'ono wa bamboyo.

"Alamu, achimwene akuti muwasitire suti ija. Akumanga ukwati tsiku loyamba la chaka."

"Ndi kamtsikana kogulitsa matikiti kaja?"

"Komweko."

"Abwere okha m'mawa wa tsikulo. Adzaipeza yokonzeka."

Masana ake wailesi inkafotokoza mmene anthu a m'maiko ena amalandirira chaka. Ena amaswa mbale pakhomo pa anzawo. Ena amaponya mipando yakale pawindo. Kwina amapanga chidole chachikulu ngati munthu, kuchiveka zovala zakale, n'kuchiwotcha kuti zoipa zipite nacho. A Singano anaimitsa makina. Mbale anali nazo zochepa, windo lawo ndi laling'ono. Koma tizidutswa tinalipo thumba lathunthu.

Anatsitsa suti ija, n'kuisoka kumapazi ndi kumanja, kenako anailonga tizidutswa mpaka mimba inatuluka ngati ya mwini wake. Miyeso ankaidziwa pamtima. Mutu anaika pilo.

Mkwati anafika dzuwa litatuluka, atameta bwino, nsapato zili waliwali. Anapeza mnzake wa tizidutswa uja ali phee panja, pampando umene iye ankakonda kukhalapo, tayi ili pakhosi, akununkha palafini. Wometa tsitsi ndi wogulitsa makala a pakonapo anali ataima kale chapafupi.

"Amake mwana, n'chiyani chimenechi?"

"Ndi chaka chatha ichi. Ndikutsanzikana nacho ngati anzathu akunja."

"Musachite misala, inu! Ndikavala chiyani ine?"

"Akusokereni wamatikitiyo."

A Singano anayatsa machesi. Moto unayambira pamimba.

"Chaka chabwino, bwana!" anafuula wometa.

Mkwati anayesa kuzimitsa ndi mapazi, nsapato n'kuwauka. A Singano anaonerera mpaka phulusa, kenako anatenga tsache.

Ukwati unachitikabe, mkwati atavala jekete la mng'ono wake, manja ake olekezera m'zigongono. A Singano akusokabe pakona pomwepo. Mpando unapsera limodzi ndi suti, ndipo sanagule wina.