Wachisanu ndi Chitatu Amene Sali M'buku

Lachinayi, 12 Juni

Masamba a bukuli: 284
Mitu yake: 21
Masiku amene anandiwerengera: 19
Ophedwa, malinga ndi owerenga ena onse: 7
Ophedwa, malinga ndi makutu anga: 8

Anzanga, ndinaphunzitsa masamu zaka 37, ndipo sindinalolepo mwana kutuluka m'kalasi samu ili yosatha. Lero ndabwera ndi yanga yondikanika.

Ndinakumana ndi bambo wina kulaibulale, m'gulu lathu la owerenga lokumana Lachitatu. Nthawi imeneyo ng'ala inali itandiphimba maso onse awiri, ndinkangopita kukamvera. Buku limene tinasankha linali la munthu wopha anzake mmodzimmodzi m'seminale.

"Nanga Aphunzitsi awerenga bwanji?" anafunsa a Nesi.

"Ndiziwawerengera ine," anatero mawu ena pangodya. Anali a Kalaliki, bambo wofatsa amene anapuma ntchito kukhoti.

"Eyaa, eni nkhani ndinu!" a Telala anaseka. "Si munatsala pang'ono kudzozedwa inu? Mkanjo unakuthinani?"

Tonse tinaseka. Ndinamva maseko 8. Tinalipo 9.

Ankabwera kwanga Lolemba ndi Lachisanu, 3 koloko masana. Kugogoda katatu, chipewa pabondo, shuga masipuni awiri. Mawu awo anali otsika, osathamanga. Wakuphayo akamayenda m'khonde la ogona, ine ndinkamva nsapato zake m'khonde langa.

Lachisanu lililonse ndimakwera pampando kukapukusa wotchi yapakhoma imene anandisiyira malemu amuna anga.

"Tsikani, Aphunzitsi, mugwa. Ndipukuse ine."

"Wotchi iyi imadziwa dzanja limodzi. Inu gwirani mpando."

Ankaugwira ndi manja onse awiri, mwamphamvu, mpaka mpando kumanjenjemera nawo. Ndinkati mumtima, chikondi chimanjenjemeretsa ndi okalamba omwe.

Tsiku la 11 anatseka buku nati, "Likatha limeneli, ndizibwera ndi chifukwa chanji?"

"Mupeze lina."

"Ine ndikufuna losatha."

Anzanga, zaka 68, koma ndinaluma chala ngati mwana wa sukulu! Ndinawauza kuti yankho adzalimva ndikadzawaona nkhope.

Tsiku la 14 anandiwerengera imfa imene inandilowa m'mafupa. Anyamata awiri, mabwenzi, anatumidwa kukapukuta belu pansanja. Mmodzi anakwera makwerero a masitepe 23, wina anatsala pansi atagwira. Wokwerayo anali atangosankhidwa kukaphunzira kunja. Wogwirayo anali atasiyidwa. Mnzakeyo ali pamwamba, akuimba, manja a wapansi anasiya...

Mawu a a Kalaliki anauma. Ndinawathirira tiyi wina. Chinthu chimodzi ndinachisunga osachimvetsa: wotchi, ine ndikuwerenga kugunda kwake, inayenda mphindi 26, tsamba silinatembenuzidwe ngakhale limodzi.

Titamaliza buku, gulu linakumana. A Nesi anati sakuthanso kudutsa chitseko chotseka osayang'ana m'mbuyo. A Telala anati, "Ine ndinam'namizira wophika uja mitu 20, ndikam'pepese kuti? Anthu seveni, iye akungosenda anyezi wosalakwa!"

"Eyiti," ndinawakonza.

"Seveni, Aphunzitsi."

"Mwaiwala wa pamakwerero. Wopukuta belu."



"Makwerero atinso?" anatero a Nesi. "Mayi, masamu ayamba kukuthawani?"

Gulu linaseka. Pangodya mpando unakhuluka, chitseko chinatseguka, chinatsekeka.

Patapita masiku 9 madokotala anandichotsa ng'ala. Maso atayera, chinthu choyamba kuwerenga sichinali kalata ya mwana wanga. Ndinawerenga masamba onse 284, kawiri, pensulo m'manja. Belu likutchulidwa kasanu, ndipo konseko likungolira. Makwerero mulibe.

Lachisanu anagogoda katatu. Ndinawaona koyamba: aatali, imvi mbuu, maso ofiira ngati munthu amene tulo tinamukana kalekale.

"Khalani. Anali ndani?"

Sanafunse kuti ndikunena yani.

"Tinkagona mabedi oyandikana. Ankandibwereka nsapato zake Lamulungu."

"Munasiya dala?"

Anatembenuza chipewa kanayi.

"Ndinauza ansembe kuti mavu anandiluma padzanja. Anandikhulupirira, anandipempherera. Zaka 46 zapita, Aphunzitsi. Masiku ena ndimawaona mavu aja, ndimamva ndi ululu womwe. Masiku ena kunalibe mavu."

"Nanga bwanji munasankha ine?"

"Munalibe maso ondiyang'ana."

"Tsopano ndili nawo."

"Ndaona."

Anadikira yankho limene ndinawalonjeza. Ndinayang'ana manja awo. Abwinobwino, zikhadabo zoyera, manja amene ankandiwolotsa msewu. Sindinati khalani, sindinati pitani. Wotchi inagunda maulendo 40. Anavala chipewa.

Ena mwa inu mudzati ndinachita bwino, ena mudzati ndinataya munthu amene anandipatsa chimene anabisira dziko lonse. Ndawerengera mbali zonse ziwiri. Anandinamiza mphindi 26, ndipo m'mphindi zomwezo ndi mmene ananena zoona. Samu imeneyi sindikudziwa poiyambira.

Wotchi inaima. Kugwa sindikuopa ayi. Koma ndikangoponda pampando paja, ndimamva ukunjenjemera, chonsecho m'nyumba ndili ndekha.

Kuwonkhetsa:

Ophedwa a m'buku, amene ndawaiwala kale: 7
Wa pamakwerero, amene sindimudziwa ndi dzina lomwe: 1
Malachisanu opanda kugogoda: 6
Makapu amene ndimatulutsabe 3 koloko: 2
Maulendo amene anandigwirira mpando, ine wosaona, ndili pamwamba: 10
Maulendo amene anausiya: 0

Ndine,
Mayi Masamu