Shelefu ya Pamwamba ya a Kachiwanda

Pini yomangira mapepala inali itadya kona ya chikuto, n'kusiyapo kachizindikiro kadzimbiri kokhota ngati mbedza. Pansi pake panali dzina lolembedwa ndi inki imene inali itayamba kufufutika: Enoki Chadzunda, kapitawo wa zigafa zowumitsira fodya.

Fayiloyo inali m'manja mwa a Aroni Kachiwanda, kalaliki wosunga mafayilo a antchito pa kampani ina yaikulu ya fodya, imene inali ndi maesiteti m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi. A Kachiwanda anabadwira kufupi ndi Kasakula, mwana wa mphunzitsi wa sukulu ya mishoni, ndipo analowa ntchito dziko litangolandira ufulu. Dongosolo lawo linali losavuta. Mafayilo a ogwira ntchito ankakhala pashelefu ya pansi, a osiya ntchito pa yapakati, a omwalira m'kabati yachitsulo. Shelefu ya pamwamba inalibe dzina. Pamenepo ankaikapo mafayilo a anthu amene anatengedwa ndi galimoto, osabweranso. Palibe bwana analamula zimenezi, ndipo palibe anafunsapo. Ubwino wa pepala ndi umenewo: limalola munthu kusanena kanthu, chonsecho osanama.

Enoki anali mlamu wawo, mwamuna wa mlongo wawo Rakele, ndipo nkhoswe ya ukwatiwo anali iwo amene. Anamutenga masana pa zigafa, anzake akuona. Ena ankati anayankhula mosasamala pamaliro ena, koma woti n'kulondola nkhaniyo panalibe. Zaka zinadutsa, ana anakula. Abale a Enoki sanathe kumusudzula Rakele, pakuti ankati, “Tisudzule bwanji mkazi wa munthu amene sitinamuike?” Mpingo nawo sukanadalitsa ukwati wina popanda umboni wa imfa. Choncho Rakele anakhala pakati: wamasiye ayi, wapabanja ayi.

M'chaka cha 1991 kampani inaganiza zoika zonse m'kompyuta. Kulikulu ku Lilongwe kunachokera mayi wina wodziwa makinawo, dzina lake Faines. A Kachiwanda ankawerenga mokweza, Faines n'kumataipa, ndipo fayilo iliyonse ikalowa, mapepala ake ankakawotchedwa kuseri kwa zigafa. Ntchito inayenda bwino kufikira a Kachiwanda atakwera pampando n'kutsitsa za pamwamba zija.

“Awa tiwadumphe,” anatero a Kachiwanda.

“Bambo, makina awa ndi amakani kuposa apongozi,” anayankha Faines. “Munthu aliyense akhale m'gulu lake: akugwira ntchito, anasiya, kapena anamwalira. Mukasiya posalemba, sakulolani kupita patsogolo.”

Apa m'pamene panagona vuto. Kulemba kuti Enoki akugwira ntchito kukanamubwezera pakati pa olandira malipiro, ndipo umenewo ukanakhala utambwali. Kulemba kuti anasiya kunali kotetezeka, ndipo ndi mmene analembera ena onse a pashelefupo, a Kachiwanda akuwerenga maina ndi mawu otsika. Koma kwa Enoki mawu amenewo akanamusandutsa mwamuna wothawa banja, ndipo Rakele akanakhalabe womangika. Kulemba kuti anamwalira kunali ndi zake. Malinga ndi dongosolo latsopanolo, kampani inkatumiza kalata ya chipepeso kubanja la aliyense wolembedwa motero, ndipo kalata yoteroyo abale a Enoki ndi akulu ampingo akanailandira ngati umboni. Komabe a Kachiwanda sankadziwa ngati mlamu wawo anafadi. Analipo anthu amene anatulukira patapita zaka zambiri, ataonda, mano atagweluka, koma amoyo. Komanso masiku amenewo, kunena kuti munthu wotengedwa anafa kunali pafupi ndi kufunsa kuti anafa bwanji.

Lamlungu atatuluka m'tchalitchi, a Kachiwanda anakwera njinga kupita kwa mlongo wawo. Anamupeza pakhonde akuswa mtedza, ndipo anamufotokozera zonse mwandondomeko, monga ankachitira kuofesi.

“Achimwene,” anatero Rakele, osadzutsa mutu, “amene munandiperekeza ku ukwati umenewu ndinu. Lero mwabwera kudzafunsa ine?”

“Nanga akatulukira mawa?”

“Akatulukira mudzamuyankha ndinu. Ine ndayankha ana ake zaka zonsezi, ndatopa.”

Rakele anawathirira mtedza m'kathumba kuti akapatse akazi awo, n'kubwerera pa lichero.

Anthu ambiri amaganiza kuti makina amangosunga zimene anthu adziwa kale. Si nthawi zonse. Nthawi zina amafuna yankho pamene mudzi, mpingo ndi kampani anagwirizana mwakachetechete kuti pasakhale yankho, ndipo mtolowo umagwera munthu amene wakhala pafupi ndi makinawo. Pa esitetiyo unagwera kalaliki wa imvi amene anali asanalembepo chinthu chimene sanachione ndi maso.

Lolemba m'mawa anaika fayiloyo patebulo, osakhala pansi.

“Enoki Chadzunda,” anatero. “Lembani kuti anamwalira.”

Faines anali atamva kale kwa amesenjala kuti munthuyo anali ndani kwa iwo. Anataipa, ndipo makina anapita pamzere wotsatira.

“Akufuna tsiku lomwalira, bambo. Ndiike liti?”

“Ikani la lero.”